Kodi kaundula wa mfuti amathera pa kulanda? Ndithandizeni kumvetsa

Safunsa_Phula

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mikangano ya eni mfuti a ku America, Canada ndi Australia, ndipo pali mawu amodzi amene amangobwerabwera: akuti boma likangolemba mfuti yako m'kaundula, tsiku lina lidzabwera kudzaitenga. A mbali inayo amati amenewo ndi mantha opanda mutu, kaundula ndi wofufuzira milandu basi. Ndikupempha amene akuidziwa bwino nkhaniyi andimasulire zinthu zitatu. Choyamba, ku America amati boma lalikulu lilibe kaundula, nanga apolisi akatola mfuti pamalo pamene pachitikira mlandu amadziwa bwanji amene anaigula? Chachiwiri, alipo malo amene kaundula anagwiradi ntchito polanda mfuti, kapena ndi nkhambakamwa chabe? Chachitatu, lamulo lija amalitcha red flag limayenda bwanji kuchokera kukhoti mpaka pakhomo pa munthu, ndipo mfutiyo imabwerera bwanji kwa mwini wake? Chonde ndipatseni zogwirika, zaka ndi manambala.

Kalondolondo

Zikomo a Safunsa. Ine ndiyankha funso loyamba lokha, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

N'zoona kuti boma lalikulu la America lilibe kaundula wa mfuti wamba. Lamulo la 1986 lotchedwa Firearm Owners Protection Act linaletsa boma kukhazikitsa dongosolo lolembera mfuti, eni ake kapena malonda ake. Koma mapepala alipo ambirimbiri, kungoti anamwazikana m'masitolo a dziko lonse.

Munthu akamagula mfuti kwa wogulitsa wa laisensi amalemba fomu nambala 4473 ya ATF, bungwe la boma lalikulu loyang'anira malonda a mfuti. Amalembapo dzina, komwe amakhala, tsiku lobadwa, n'kuyankha mafunso monga akuti kodi anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu. Wogulitsa amawonjezera kampani yopanga, mtundu wa mfuti, kukula kwa chipolopolo ndi nambala yodindidwa pachitsulo. Akatero amafunsa ku NICS, dongosolo la FBI lofufuzira ngati wogula ali woletsedwa kukhala ndi mfuti, limene linayamba kugwira ntchito mu Novembala 1998. Yankho limakhala limodzi mwa atatu awa: gulitsani, dikirani, musagulitse. Akati dikirani, masiku atatu antchito n'kutha popanda yankho, lamulo la boma lalikulu limalola wogulitsa kupereka mfutiyo, ngakhale zigawo zina zinatseka mpata umenewu. Gwiritsitsani mfundo iyi: nambala ya mfuti sipita ku NICS. Kumeneko amangouzidwa ngati ili yaifupi ya m'manja, yaitali, kapena ya mtundu wina. Ndipo wogula akavomerezedwa, dzina lake liyenera kufufutidwa pasanathe maola 24. Fomu ija imatsala m'sitolo momwemo.

Tsono tiyerekeze kuti wapolisi watola pisitoli m'ngalande. Amatumiza nambala yake ku National Tracing Center, ofesi ya ATF yolondola mfuti, ku Martinsburg m'chigawo cha West Virginia. Kumeneko kulibe pamene angalembe dzina la munthu pa kompyuta n'kuona mfuti zake zonse. Amayambira ku fakitale: nambala iyi munaigulitsa kwa ndani? Fakitale itchula wopikulitsa, wopikulitsa atchula sitolo, ndipo mwini sitolo amapatsidwa maola 24 kuti atsegule buku lake, apeze fomu, apereke dzina. Njirayi imathera pa munthu woyamba kugula. Ngati munthuyo anaigulitsa kwa wina zaka 10 zapitazo, m'chigawo chimene sichifuna pepala pa malonda a munthu ndi mnzake, ndiye kuti apolisi adzagogoda pa chitseko cha woyamba uja, ndipo iyeyo ndiye adzafotokoze kumene mfuti inapita.

Pamene eni mfuti amagwira njakata ndi pa masitolo otsekedwa. Sitolo ikasiya bizinezi, lamulo limati mapepala ake onse atumizidwe ku Martinsburg pasanathe masiku 30. Amafika m'makatoni, ena atanyowa ndi madzi osefukira, ena atapserera m'mbali, ena olembedwa pamanja movuta kuwerenga. Ogwira ntchito amawajambula n'kuwasunga ngati zithunzi zimene sizifufuzika ndi dzina, moti kuti apeze fomu imodzi amatsegula chithunzi ndi chithunzi cha sitolo imeneyo. ATF inauza aphungu kuti pofika Novembala 2021 inali ndi zolembedwa za mtunduwu pafupifupi 920 miliyoni. Chaka chotsatira lamulo linasintha: kale wogulitsa ankaloledwa kutaya fomu ikatha zaka 20, koma kuyambira 2022 anauzidwa kusunga mafomu onse mpaka tsiku lotseka sitolo. Ndiye pakapita nthawi, pafupifupi fomu iliyonse idzathera ku boma. Chimene chikulekanitsa mulu umenewu ndi kaundula weniweni ndi lamulo la 1986 lija basi, popeza makina owerenga zolemba pa zithunzi alipo kale. M'kuona kwanga, nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Ngakhale ofesi yofufuza ntchito za boma, GAO, inapeza mu 2016 kuti awiri mwa madongosolo anayi a ATF amene inawaunika sankatsata bwino chiletsochi.

Palinso zina zimene zimapita ku boma mwachindunji. Ukagula mapisitoli awiri kapena kuposa kwa wogulitsa mmodzi m'masiku asanu antchito otsatizana, wogulitsa amatumiza lipoti ku ATF. Ndipo kaundula weniweni wa boma lalikulu alipo kuyambira 1934, pansi pa National Firearms Act, koma ndi wa zida zochepa: mfuti zachiwaya, raifo ya mpope wosafika mainchesi 16, shotgun ya mpope wosafika mainchesi 18, ndi zochepetsa phokoso. Zigawo nazo zili ndi zawozawo. Hawaii ndi Washington DC amalemba mfuti zonse. California imasunga zolembedwa za malonda onse, ndipo kuyambira 2014 inaphatikizapo mfuti zazitali. Florida ndiye inachita kuletsa m'lamulo lake kuti boma lisasunge mndandanda wa eni mfuti.

Nkhwazi_52

A Kalondolondo mwalongosola bwino. Pa funso lachiwiri, a Safunsa, yankho ndi lakuti inde, zinachitikapo, ndipo amene amakana sananene zoona. Koma muone mmene zinachitikira, chifukwa pamenepo m'pamene pagona nkhani.

Chitsanzo choonekeratu ndi Britain. Kumeneko chiphaso cha mfuti chimatchula mfuti iliyonse ndi nambala yake, ndipo apolisi a dera ndi amene amachipereka. Mu Malichi 1996 munthu wina anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ku Dunblane, ku Scotland, pogwiritsa ntchito mapisitoli amene anali nawo mwalamulo. Mu 1997 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo awiri otsatizana oletsa pafupifupi mapisitoli onse. Apolisi sanavutike kusaka. Anali ndi dzina, keyala ndi nambala ya pisitoli iliyonse, analembera eni ake makalata, anawapatsa masiku obweretsera, ndipo mapisitoli oposa 160,000 anaperekedwa, boma n'kulipira chipepeso. Mumzinda wa New York zinayenda chimodzimodzi: mfuti zazitali zinayamba kulembedwa mu 1967, ndipo mu 1991 khonsolo italetsa mitundu ina ya semi-automatic, zija zimadzilowetsera chipolopolo china ukangowomba, mndandanda womwewo ndi umene unathandiza kulembera eni ake kuti azipereke, aziwononge kapena azitulutse mumzinda. Eni mfuti a m'zigawo zina akamaona zimenezi amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Canada ndiyo imaphunzitsa zambiri. Mapisitoli akhala akulembedwa kumeneko kuyambira 1934. Lamulo la 1995 linawonjezera kaundula wa mfuti zazitali, ndipo anthu anauzidwa kuti boma lidzangowonongapo madola pafupifupi 2 miliyoni, ndalama zina zidzachokera ku malipiro a eni mfuti. Mu Disembala 2002 mkulu wowerengera ndalama za boma, Sheila Fraser, ananena kuti ndalamazo zidzapitirira madola 1 biliyoni. Kaundulayo anathetsedwa mu 2012, zolembedwa n'kufufutidwa. Chigawo cha Quebec chokha ndicho chinakana: Quebec inamenyera kukhoti kuti isunge gawo lake, inagonja mu 2015, kenako inayambitsa kaundula wakewake mu 2018. Ndiye pa 1 Meyi 2020, patangopita masiku ochepa chichitikire kuphedwa kwa anthu 22 ku Nova Scotia, nduna zinaletsa mitundu ya mfuti pafupifupi 1,500 popanda kudutsa m'nyumba ya malamulo. Taonani tsono kusiyana kwake. Mfuti ya AR-15 inali kale m'gulu la mfuti zolembedwa, choncho boma limadziwa nyumba iliyonse imene ili nayo. Ruger Mini-14 inali m'gulu la mfuti zazitali wamba, zolembedwa zake zinafufutidwa mu 2012, ndipo kunja kwa Quebec boma limadalira mwini wake kuti adziulule yekha. Zonse ziwiri zinaletsedwa tsiku limodzi, koma imodzi yokha ndiyo boma lingailondole mpaka pakhomo. Nthawi ya chikhululukiro, imene eni ake anapatsidwa kuti asaimbidwe mlandu asanapereke mfutizo, inachita kuwonjezeredwa kangapo chifukwa ntchito yotolera inachedwa zaka.

Australia anthu amaitchula molakwika. Pambuyo pa Port Arthur mu Epulo 1996, pamene anthu 35 anaphedwa, boma linagula n'kuphwanya mfuti pafupifupi 650,000. Komatu nthawi imeneyo zigawo monga New South Wales, Queensland ndi Tasmania zinalibe kaundula wa mfuti zazitali. Kaundula m'zigawo zonse anabwera limodzi ndi chiletsocho. New Zealand nayo inasiya kulemba mfuti zazitali zambiri mu 1983, ndipo itagula mfuti zoposa 50,000 pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ambiri ku Christchurch mu 2019, owerengera ndalama za boma ananena kuti n'kosatheka kudziwa gawo limene linaperekedwa popeza apolisi sankadziwa kuti zonse zinalipo zingati. Kaundula wawo watsopano anayamba mu Juni 2023.

Kulanda kumene kunapweteka anthu kwambiri kunachitika popanda kaundula n'komwe. Mphepo yamkuntho ya Katrina itawononga New Orleans mu 2005, mkulu wa apolisi Eddie Compass analengeza kuti achitetezo okha ndi amene aziloledwa kukhala ndi zida. Mfuti zinatengedwa m'nyumba, m'magalimoto ndi m'mabwato, zambiri popanda lisiti. Khoti linaimitsa zimenezi mwezi womwewo wa Sepitembala, ndipo mu 2006 aphungu anakhazikitsa lamulo loletsa kulanda mfuti zololedwa pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Koma eni ake ambiri analibe pepala lotsimikizira kuti mfuti yakuti ndi yawo, ndipo zimene zinapezeka zinali zitachita dzimbiri mosungiramo. Ku High River, m'chigawo cha Alberta, madzi atasefukira mu 2013, apolisi a RCMP analowa m'nyumba zimene anthu anathawamo n'kutenga mfuti 609 m'nyumba 105. Bungwe loona madandaulo okhudza apolisiwo linapeza mu 2015 kuti m'nyumba zina anapyola malire a lamulo.

Choncho ine ndimati kaundula payekha sanatengepo mfuti ya munthu. Chimatenga ndi lamulo latsopano losintha gulu la mfutiyo, kaundula n'kupangitsa ntchitoyo kukhala yosavuta ndi yotsika mtengo. Funso loyenera kufunsa m'dziko lililonse ndi lakuti, kodi ndani ali ndi mphamvu yosamutsa mfuti kuchoka m'gulu lololedwa kupita m'gulu loletsedwa? Ngati ndi nyumba ya malamulo, mkangano umachitikira poyera. Ngati ndi ofesi ya boma, munthu amagona ali wosalakwa n'kudzuka ali ndi chinthu choletsedwa m'kabati. Ku America zinatero ndi bump stock, kachipangizo komangirira ku mfuti kuti iziwomba mofulumira: ATF inasintha kamasuliridwe ka lamulo, eni ake anauzidwa kuti awononge kapena apereke pofika Malichi 2019 popanda chipepeso, ndipo mu 2024 khoti lalikulu, pa mlandu wa Garland v. Cargill, linagamula kuti ATF inalibe mphamvu imeneyo. Amene anamvera n'kuwononga, katundu wawo anali atapita kale.

Mayi_Chilungamo

Ndiyankhe lachitatu. Malamulo a red flag si a boma lalikulu, ndi a zigawo, ndipo amasiyana kwambiri. Connecticut ndiyo inayamba mu 1999, Indiana mu 2005, ndipo ambiri anabwera pambuyo pa kuphedwa kwa anthu 17 pa sukulu ya ku Parkland, Florida, mu 2018. Zigawo zoposa 20 zili nawo.

Nkhani imayamba ndi pempho lolumbirira lopita kwa jaji, lonena kuti wakutiwakuti akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena. Ku Florida apolisi okha ndi amene angapemphe. Ku California angapemphenso achibale, abwana a kuntchito, ogwira naye ntchito ndi aphunzitsi. Jaji amamva pempholi mwini wake palibe, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo akakhutira amasayina chikalata chongoyembekezera. Munthuyo amadziwa za mlanduwo koyamba pamene apolisi afika ndi pepala m'manja. Apa m'pamene eni mfuti amadandaula kwambiri, kuti katundu akutengedwa munthu asanayankhepo. Oikira kumbuyo lamuloli amati kumudziwitsa kaye munthu amene akuopseza kudzipha kapena kupha mkazi wake n'kumupatsa mpata woti achite zimenezo. Mfundo zonse ziwiri ndi zolemera, ndipo chimene chimaziyanjanitsa ndi kufulumira kwa tsiku lakukhoti.

Ku Florida mlandu weniweni umamvedwa pasanathe masiku 14, ku California pasanathe masiku 21. Pamenepo wopempha ayenera kubweretsa umboni womveka ndi wokhutiritsa, muyeso wokwera kuposa wa milandu wamba ya anthu awiri, koma wotsika poyerekeza ndi wa mlandu woti munthu amangidwe. Jaji akavomereza, chiletso chimakhala mpaka miyezi 12 ku Florida, ndipo ku California chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Popeza si mlandu waupandu, m'zigawo zambiri boma silikupatsa loya waulere. Colorado ndi imodzi mwa zochepa zimene khoti limakupezera loya. Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kusapita kukhoti tsiku limenelo, poganiza kuti zatha kale. Ukapanda kupita, jaji amangomva mbali imodzi, ndipo chiletso cha milungu iwiri chimasanduka cha chaka.

Za pakhomo ndinene mosapita m'mbali, chifukwa apa pamafa anthu. Mu Novembala 2018 ku Anne Arundel, m'chigawo cha Maryland, patangotha mwezi umodzi lamuloli litayamba, apolisi anafika panyumba ina cha m'ma 5 koloko m'mawa kudzapereka chikalata chotere. Mwini nyumba anatsegula chitseko mfuti ili m'manja, panabuka kulimbana, ndipo anawomberedwa n'kufa. Khomo si khoti. Munthu wanzeru amatuluka manja ali poyera, osakhudza mfuti ngakhale ndi cholinga choipereka. Amapempha kuona chikalata n'kuwerenga dzina, keyala, siginecha ya jaji ndi tsiku la mlandu. Amaonanso ngati ndi chikalata cholamula kupereka mfuti chabe kapena pali china chololeza kufufuza m'nyumba, chifukwa zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati chofufuzira palibe, anganene modekha kuti savomereza kufufuzidwa, koma asatchinge njira. Amawauza apolisi pamene pali kabati yachitsulo, iwo n'kutulutsa okha. Za mlanduwo asalongosole pakhomo, chifukwa chilichonse chimene anganene atakwiya chidzawerengedwa pamaso pa jaji.

Kenako lisiti. Aone kuti mfuti iliyonse yalembedwa payokha: kampani, mtundu, kukula kwa chipolopolo, nambala yonse, ndi zomangiriridwa monga galasi loonera patali ndi magazini osungiramo zipolopolo. Lisiti longoti mfuti zazitali zitatu silithandiza tsiku lobweza. Ku Florida wapolisi ayenera kupereka lisitilo kukhoti pasanathe maola 72. Ku California, ngati apolisi sanatenge pomwepo, munthu ali ndi maola 24 oti apereke kwa apolisi kapena kwa wogulitsa wa laisensi, ndi maola 48 oti aonetse lisiti kukhoti. Kubisa imodzi n'kudzikumbira dzenje, chifukwa nkhani imene sinali yaupandu imasanduka mlandu womangidwa nawo.

Makhoti aika malire mbali zonse. Mu 2021, pa mlandu wa Caniglia v. Strom, majaji onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu anagwirizana kuti apolisi sangalowe m'nyumba n'kutenga mfuti popanda chikalata pongonena kuti akusamalira anthu. Mu 2024, pa mlandu wa United States v. Rahimi, majaji asanu ndi atatu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti munthu amene khoti lamupeza kuti ndi woopsa kwa mnzake akhoza kuletsedwa kukhala ndi mfuti kwa kanthawi.

Tcheru

Pali chimodzi chimene sichinatchulidwe, ndipo kwa ine chimaposa kulanda kwa boma: mndandanda ukatuluka kunja. Mu Disembala 2012 nyuzipepala ya Journal News ku New York inaika pa intaneti mapu oonetsa mayina ndi nyumba za anthu a ziphaso za mapisitoli ku Westchester ndi Rockland. Sanabe, zinali zolembedwa zimene aliyense akanatha kupempha. Mu Juni 2022 unduna wa zachilungamo ku California unatsegula tsamba latsopano limene mwangozi linaonetsa mayina, masiku obadwa ndi makeyala a anthu pafupifupi 192,000 amene anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti, ena mwa iwo majaji, ena amayi othawa nkhanza. Ku Britain mu 2021 zolembedwa za makasitomala oposa 100,000 a kampani ya Guntrader zinabedwa n'kufalitsidwa. Ku New Zealand mu Disembala 2019 tsamba lolembetsera mfuti zogulidwa ndi boma linatsekedwa zitadziwika kuti ogulitsa ena ankatha kuona zolembedwa za anthu ena. Mndandanda wa nyumba zokhala ndi mfuti ukafika kwa akuba, sungaubwezenso.

A Nkhwazi, pamene mwati kaundula amapeputsa ntchito, ndikuvomera theka. Amapeputsa pa anthu omvera okha. Ku New York lamulo la SAFE Act la 2013 linalamula kulembetsa mfuti zooneka ngati zankhondo zotchedwa assault weapon, ndipo manambala atatuluka mu 2015 zinali zosafika 45,000, zimene ambiri anati ndi kachigawo kochepa. Chigawenga ndiye sichilembetsa n'komwe. Mu 1968, pa mlandu wa Haynes v. United States, khoti lalikulu linagamula kuti munthu woletsedwa kukhala ndi mfuti sangalangidwe chifukwa chosalembetsa, popeza kulembetsako kukanakhala kudzinenera yekha mlandu. Aphungu anakonza lamulolo chaka chomwecho, koma eni mfuti amaukumbukirabe mlanduwu.

Safunsa_Phula

Zikomo kwambiri nonse, ndatolapo zambiri. Mayi Chilungamo, simunafike pa kubweza. Chiletso chikatha, kodi apolisi amabweretsa okha? Ndipo ngati anthu ambiri salembetsa monga akunenera a Tcheru, apolisi amayendadi khomo ndi khomo?

Mayi_Chilungamo

Sabweretsa okha, a Safunsa. Mwini wake ndiye amapempha, ndipo asanapatsidwe amafufuzidwanso ngati wogula watsopano. Ku California amayamba watumiza pempho ku unduna wa zachilungamo wa chigawocho, amalipira, n'kudikira kalata yomuyeretsa. Kalatayo imagwira ntchito masiku 30 okha, ndiye akachedwa kupangana tsiku ndi osunga katundu ku polisi, amayambiranso. Apolisi akamudziwitsa kuti adzatenge, iye osabwera kwa masiku 180, mfutiyo akhoza kuiphwanya, ndipo madera ena amalipiritsa ndalama yosungira. Zimene zimatsekereza kawirikawiri ndi izi: chikalata chinatha kukhoti koma kalaliki sanachichotse mu kompyuta, mfuti inalembedwa m'dzina la malemu bambo ake ndipo sinasinthidwe, kapena nambala ya pa lisiti sikugwirizana ndi ya pachitsulo. Za manambalazi zimavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Wolemba amasokoneza chilembo O ndi 0, kapena 1 ndi I. Wina amalemba nambala ya mtundu wa mfuti m'malo mwa nambala yake yeniyeni. Mfuti zazitali zambiri zopangidwa ku America chisanafike chaka cha 1968 zilibe nambala n'komwe, ndipo mfuti zakale zankhondo monga Mauser zimatha kukhala ndi nambala yofanana chifukwa mafakitale osiyana ankayambira pamodzi kuwerenga. Mankhwala ake ndi akuti mwini mfuti asunge kaundula wakewake: chithunzi cha mfuti yonse, chithunzi cha pafupi choonetsa nambala, lisiti logulira, ndi pepala losayinirana ngati anagulitsa kwa munthu, zonsezi zisungidwe kutali ndi kabati ya mfuti. Pepala lomwelo ndi limene apolisi amafuna mfuti ikabedwa, chifukwa popanda nambala sangailowetse pa mndandanda wa zobedwa.

Amene waletsedwa kwa moyo wonse sikuti katundu wake wangopita. Mu 2015, pa mlandu wa Henderson v. United States, khoti lalikulu linati jaji akhoza kulola kuti mfutizo zipite kwa wogulitsa kapena kwa munthu wina, bola mwini wakeyo asakhale nazonso mphamvu. Ndipo amene amakanidwa ku NICS chifukwa chofanana dzina ndi munthu wina angachite apilo ku FBI n'kupempha nambala yapadera yotchedwa UPIN, yoti azilemba pa fomu 4473.

Za khomo ndi khomo, sizichitika mwachisawawa, chifukwa apolisi ake ndi ochepa ndipo ambiri safuna. Mu 1997, pa mlandu wa Printz v. United States, khoti linagamula kuti boma lalikulu silingakakamize apolisi a m'madera kugwira ntchito yake. M'zigawo namo, Illinois italamula mu 2023 kuti mfuti zina zilembetsedwe pofika 1 Januwale 2024, ma sheriff ambiri, akuluakulu a apolisi amene amachita kusankhidwa ndi anthu a m'dera lawo, analengeza poyera kuti sadzamanga munthu pa chifukwa chimenecho chokha. Wosalembetsa amagwidwa mwa njira ina: galimoto yaimitsidwa pamsewu, m'nyumba mwabuka moto, banja latha ndipo wina waulula, kapena mwini wamwalira ana n'kupeza mfuti imene sangailandire mwalamulo.

Kumene apolisi amapitadi pakhomo ndi mndandanda m'manja ndi ku California, pansi pa dongosolo la APPS limene linayamba mu 2006. Kompyuta imayerekeza zolembedwa za ogula ndi mayina a anthu amene aletsedwa pambuyo pake, kaya chifukwa cha mlandu, chikalata cha khoti kapena kugonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo, ndipo gulu lapadera limapita kukatenga. Ngakhale kumeneko mayina oposa 20,000 akhala akudikira pa mndandanda chaka ndi chaka. Kulephera kotere kuli ndi mtengo wake. Ku Aurora, Illinois, munthu amene anapha anzake asanu a kuntchito mu 2019 anali atalandidwa chiphaso chokhalira ndi mfuti mu 2014, analemberedwa kalata yoti apereke pisitoli, koma palibe anapita kukaitenga. Ku Indianapolis apolisi analanda shotgun kwa mnyamata wina mu Malichi 2020 mayi ake atadandaula, koma nkhaniyo sinapititsidwe kwa jaji pansi pa lamulo la red flag, choncho dzina lake silinalowe mu NICS. Miyezi ingapo pambuyo pake anagula mfuti ziwiri m'sitolo mwalamulo, ndipo mu Epulo 2021 anapha nazo anthu asanu ndi atatu pa malo a kampani ya FedEx.